Anayanika pitikoti ya mayi ake dziko lonse likuona

Abale anga apamsika, sabata ino ndale tiziike kaye pambali, zikapume. Za kukwera kwa mitengo ya zinthu nazonso sindizikhudza, poti inu mukuzidziwa bwino kuposa ine. Ndili ndi nkhani ya mayi wina wa ku Japan amene wandisowetsa tulo, ndipo ndikuona kuti m'tauni yonse ino, amene angaimve msanga nkhaniyi ndinu amene mumadula zingwe za mabelo a kaunjika m'mawa uliwonse.

Chiyambi chake n'chakuti mwezi wathawu ndinagula magazini yachizungu yakalekale, yothothoka chikuto, kwa anyamata oyala mabuku pansi aja. Ine ndinkafuna za mpira zomwe zinali kumasamba akumapeto. Koma potsegula pakati ndinakumana ndi chithunzi cha diresi. Diresi lokhalokha, munthu mulibe. Lopyapyala, lamaluwamaluwa, kuwala kukudutsa m'nsalu ngati wina waligwirizira kudzuwa. Ndinati mumtima, awa ndi amalonda akutsatsa fashoni. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti mbali imodzi ndi yong'ambika, ndipo pali madontho ofiirira omwe sanali maluwa ayi. Pansi pake panali dzina limene tonse tinalimva kusukulu: Hiroshima.

Wojambula chithunzicho ndi Ishiuchi Miyako. Kwawoko dzina la banja ndi limene limayamba, la munthu limabwera pambuyo, ndiye ife tiziti Mayi Ishiuchi. Ndakhala ndikufufuza za iwo masabata atatu tsopano, mpaka ndalama ya ndiwo yathera ku mabandulo a pafoni. Chimene ndapeza ndi ichi.

Anabadwa m'chaka cha 1947 ku Kiryu, m'chigawo cha Gunma, tauni yotchuka ndi kuwomba nsalu za silika. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha zaka ziwiri zapitazo, Japan itagonja, asilikali a Amereka ali mbwee m'dzikomo. Ali ndi zaka 6 banja lawo linasamukira ku Yokosuka, mzinda wa padoko kummwera kwa Tokyo, komwe kuli kampu yaikulu ya asilikali apamadzi a Amereka mpaka lero. Inu mukudziwa zimene zimamera kunja kwa geti pamalo pomwe pali amuna ambirimbiri olandira malipiro koma akazi awo ali kutali: mabala, nyimbo usiku wonse, ndewu, atsikana osaka ndalama. Mwana wamkazi wa pamalopo ankakula akuuzidwa misewu imene asadzayerekeze kupondamo. Banja lonse linkakhala m'kachipinda kopanikiza, pansi pake padothi, bafa logawana ndi aneba onse. Amene mukuchita lendi m'midadada musamaganize kuti Japan inayamba ndi Toyota yonyezimira.

Yokosuka ankaida ndi mtima wonse. Atakwanitsa zaka 19 anachokako n'kukalowa pa Tama Art University ku Tokyo, komwe anaphunzira kuwomba nsalu ndi kuzinyika mu utoto. Sukuluyo sanaimalize, anasiyira panjira. Kamera anaigwira mochedwa, ali ndi zaka 28, m'chaka cha 1975, ndipo sikuti anachita kuilakalaka. Mnzawo wina anawasiyira kamera ndi zipangizo zotsukira zithunzi, iwo n'kuti poti zilipo, tiyeni tiyese.

Apa ndifotokoze pang'ono chifukwa cha achinyamata obadwira m'mafoni. Kale chithunzi sichinkatuluka pompopompo. Ukajambula, unkalowa ndi filimu m'chipinda chamdima, kuiwalitsira papepala lapadera, n'kuliviika pepalalo m'mabeseni a mankhwala mpaka chithunzi chitayamba kuoneka pang'onopang'ono. Ojambula ambiri ankaiona ntchito imeneyi ngati chimtolo. Mayi Ishiuchi ndiye imene inawakoka mtima, kuposa kuyenda ndi kamera kwenikweniko. Amanena okha kuti kuviika pepala m'mankhwala kunkawakumbutsa kunyika nsalu. Ndiye kuti nsalu imene anaithawa kusukulu inakawapeza mumdima muja, ndipo siinawasiyenso.

Ntchito yawo yoyamba inali kubwerera ku Yokosuka komwe ankakudako. M'zaka za 1976 ndi 1977 anayenda m'misewu yake ndi kamera. Zithunzi zimene zinatuluka ndi zakuda ndi zoyera, zodzaza ndi timadontho ngati wina wawazapo mchenga, zina zopendekeka, thambo lili bii, makoma a mabala, misewu yozizira. Anazitcha Yokosuka Story, dzina lomwe anabwereka ku nyimbo ya Yamaguchi Momoe imene inavuta pa wailesi masiku amenewo. Nanga ndalama yotsukira zithunzi ndi kusindikizira buku anaitenga kuti? Bambo awo anali atasunga ndalama yoti idzagwire ntchito pa ukwati wa mwana wawo wamkaziyu. Iwo anaitenga yomweyo n'kuisandutsa mpamba. Tangoganizani inuyo, mwasunga kakhobidi zaka ndi zaka kuti mwana adzavale veyilo, iye n'kukagulira mapepala ndi mankhwala kuti ajambule makoma akuda a tauni imene amaida!

Mpambawo sunalowe m'madzi. Mu 1978 anatulutsa Apartment, zithunzi za nyumba zalendi zakutha, zofanana ndi imene anakuliramo: makhonde amdima, makoma osupuka, zitseko zodetsedwa ndi manja. Chaka chotsatira, 1979, ntchito imeneyi inawapezetsa mphotho ya Kimura Ihei, imodzi mwa mphotho zolemekezeka kwa ojambula a ku Japan, ndipo iwo anali mkazi woyamba kuilandira. Kenako anatsata nyumba zomwe kale zinali za mahule, zimene lamulo linazitseka mu 1958, n'kujambula matailosi ake, masitepe odyeka pakati chifukwa cha mapazi, zipinda zopanda kanthu. Bukulo, Endless Night, linatuluka mu 1981.

Mukaona zithunzi za nthawi imeneyi mungati mayiyu anthu sankawafuna. Koma taonani bwino. Chimene ankasaka ndi pomwe munthu anagwira, pomwe anaponda, pomwe anatsamira mpaka penti kuchoka. Inu a kaunjika ntchito imeneyi mumaidziwa. Mukatola shati simuyamba kuyang'ana kutsogolo kwake. Mumathamangira pakolala, m'khwapa, pachigongono. Mukatola buluku mumaona pamawondo ndi m'matumba. Mphindi imodzi yokha mwadziwa kale kuti mwini wake anali wonenepa, ankasuta, ankakhala pansi tsiku lonse. Kusiyana kwake n'kwakuti inu mukapeza malo amenewo mumatsitsa mtengo kapena kubisa mbali imeneyo kwa kasitomala. Mayi Ishiuchi akapeza malo amenewo ndi pomwe amaloza kamera.

Atafika zaka 40 anachoka pamakoma n'kupita pakhungu. Anasonkhanitsa akazi 50 obadwa chaka chimodzi ndi iwo, n'kuwajambula manja ndi mapazi chapafupi kwambiri: makwinya, zikhadabo, zidendene zong'aluka, mikwingwirima ya mphete. Bukulo analitcha ndi chaka chawo chobadwa, 1·9·4·7, ndipo linatuluka mu 1990. Kuyambira 1991 anayamba kujambula zipsera za anthu, za opaleshoni, za ngozi, za moto. Maganizo awo anali akuti chipsera ndi chithunzi n'zapachibale: zonse ziwiri ndi chizindikiro chotsala cha chinthu chimene chinachitika tsiku lina n'kupita.

Tsopano tafika pa nkhani ya pitikoti, yomwe yandivuta ine.

Mayi awo owabereka anabadwa mu 1916. Sanali mkazi wamba. Anatenga laisensi yoyendetsa galimoto ali ndi zaka 18, nthawi imene mkazi pa chiwongolero chinali chinthu choti anthu aime n'kuonerera. Anakagwirako ntchito ku Manchuria, ndipo nthawi ya nkhondo ankayendetsa lole yonyamula katundu wa asilikali. Mwamuna wawo woyamba anapita kunkhondo, uthenga n'kubwera kuti wafa. Iwo anapeza mwamuna wina, wocheperapo zaka, amene anadzakhala bambo wa wojambulayu. Nkhondo itatha, uja ankati wafa uja anatulukira ali moyo. Zoterezi si za m'masewero a pa wailesi okha ayi. Ukwati woyambawo unatha, wachiwiriwo n'kupitirira.

Mayi ndi mwana sankamvana kwenikweni. Izi Mayi Ishiuchi sabisa. Ankagwirizana kwambiri ndi bambo awo, koma ndi mayi awo nkhani zinkangothera m'malere. Gogoyo sankakondanso kujambulidwa. Anadzalola atakalamba, mwana wawo n'kujambula zipsera za moto zomwe anali nazo pathupi. Sipanapite nthawi yaitali, m'chaka cha 2000, anamwalira ali ndi zaka 84.

Mwana anatsala ndi madirowa odzaza. Mapitikoti, makamisolo a lesi, malamba omangira mimba, nsapato, chipeso chomwe tsitsi linali likadali momwemo, mano oikirira, malipisitiki odyeka mbali imodzi molingana ndi mmene mwini wake ankapakira pamlomo. Kutaya analephera. Kusunga, asungiranji? Ndiye anatenga mapitikoti aja mmodzimmodzi, kuwamata pagalasi la chitseko kuti kuwala kwa kunja kuzidutsa m'nsalu, n'kuyamba kujambula. Ntchitoyo anaitcha Mother's, kutanthauza za amayi. Mu 2005 dziko la Japan linawasankha kuti akaliimirire ku Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha zaluso chomwe chimachitika zaka ziwiri zilizonse ku Italy, ndipo zimene anakapachika kumeneko, zazikulu ngati zitseko, ndi zithunzi zomwezi.

Ndisaname, nditawerenga zimenezi ndinanyansidwa. Ndinati mayiyu mutu wake sukuyenda bwino. Kwathu kuno zovala zamkati ngakhale pachingwe timaziphimba ndi chitenje, kapena kukaziyanika kubafa komwe maso a alendo safika. Nanji za mayi ako okubereka, nanji atamwalira! Paja amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Kaya munkakangana chotani, sungatenge zamseri zake n'kukazionetsa kwa azungu oyenda ndi makamera m'khosi.

Ndinakhala ndi mkwiyo umenewu masiku angapo. Chimene chinayamba kundifewetsa ndi dzina. Wojambulayu dzina lake lobadwa nalo ndi Fujikura Yoko. Dzina lakuti Ishiuchi Miyako ndi la mayi akewo, lomwe ankadziwika nalo asanakwatiwe. Mwanayo analitenga pomwe ankayamba kujambula, n'kuliyendera moyo wake wonse. Ndiye kuti ku Venice kuja, dzina lolembedwa pakhomo la chionetsero linali la mwini wa mapitikotiwo. Munthu amene sunkamvana naye, iwe n'kusenza dzina lake zaka zoposa makumi awiri iye ali moyo, ndiye kuti pakati panupo panali nkhani imene pakamwa inkakanika kutuluka.

Chachiwiri, ndinayang'ana zithunzizo mofatsa. Mulibe chipongwe. Kamisolo ikuoneka ngati khungu lachiwiri lomwe munthu wangolivula kumene, ikadali ndi maonekedwe a thupi lake. Lipisitiki yafiira ikukuuza kuti gogo wa zaka 80 ankaimabe pagalasi asanatuluke. Pakati pa zithunzizo anaikapo china chakale, cha gogoyo ali mtsikana ataima pafupi ndi galimoto. Mwanayo akuti pojambula zinthu zimenezi ndi pomwe anayamba kuwaona mayi ake ngati mkazi payekha, amene anali ndi moyo wake iye asanabadwe.

Ine mayi anga anatisiya ndili Fomu 2. Maliro atatha, zovala zawo zinachapidwa, azakhali ndi amayi aang'ono n'kugawana monga mwa mwambo, zamkati zinakatayidwa ife ana osaona. Palibe amene analakwa, ndi mmene timachitira. Koma lero mutandifunsa kuti mayi ako ankakonda nsalu yamtundu wanji, ndiyamba kukanda m'mutu. Ndiye ndisanamuweruze mayi wa ku Japan uja ndinayamba ndadzifunsa kuti pa awirife, amene wawasunga bwino mayi ake ndani. Komanso tisadziyeretse kwambiri. Ife tomwe timakoloweka mabra ndi makamisolo a eni ake pabenchi, kuwakuwira mtengo dzuwa likuswa mtengo, osadziwa ngati mwini wake ali moyo kapena ana ake anangokhuthula dirowa maliro atatha.

Zithunzi za Mother's ndi zimene zinatsegula njira ya ku Hiroshima. Mu 2007 kampani ina yosindikiza mabuku inawapempha kuti akajambule kumeneko. Iwo anali asanapondeko chibadwire. Ankaona kuti nkhani ya Hiroshima inajambulidwa kale mokwanira. Domon Ken anatulutsa buku lake la anthu opulumuka bomba mu 1958, ndipo Tsuchida Hiromi anali atajambula kale katundu wa akufa m'zithunzi zakuda ndi zoyera, chilichonse ndi mbiri yake pambali. Anavomera monyinyirika.

Tikumbutsane zimene zinachitika. Pa 6 Ogasiti 1945, nthawi ili 8:15 m'mawa, ndege ya Amereka inaponya bomba la atomiki pa mzindawo. Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho anthu pafupifupi 140,000 anali atafa. M'mawa umenewo ana asukulu zikwizikwi anali panja pakati pa mzinda, boma litawatuma kukagwetsa nyumba kuti pakhale mipata yoletsa moto kufalikira. Makolo ambiri amene anapita kukasaka ana awo anabwerako ndi malaya okha, kapena nsapato imodzi, kapena kachitini konyamuliramo chakudya. Ena anapeza mwana akupumabe, kumunyamula, kumuvula zovala zomatirira pathupi, iye n'kumwalira mawa lake. Zovala zimenezo mabanja anazisunga m'nyumba zaka zambiri, kenako n'kumakazipereka ku Hiroshima Peace Memorial Museum, nyumba yosungirako zinthu zokumbutsa tsikulo. Pomwe Mayi Ishiuchi ankafika, m'nyumbamo munali zinthu pafupifupi 19,000.

Iwo anasankha zimene zinakhudzapo khungu la munthu: madiresi, mabulauzi, masiketi, masokosi, nsapato, zipeso, magalasi amaso. Ndipo chimene anapeza chinawadzidzimutsa. Ankayembekezera nsanza zakuda, chifukwa zithunzi zonse za Hiroshima zimene anakula akuziona zinali zakuda ndi zoyera. M'malo mwake ogwira ntchito anawatulutsira nsalu zamawangamawanga, zamaluwa ofiira, zamadontho, za silika, zokhala ndi lesi pakolala, zosokedwa mwaluso. Pajatu inali nthawi ya nkhondo, boma linkafuna kuti akazi azivala mabuluku otakasuka ogwirira ntchito otchedwa monpe, ndipo kutchena kunkatengedwa ngati kusakonda dziko. Komabe atsikana ankavala kadiresi kawo kokongola mkati, monpe pamwamba. Nsalu m'masitolo munalibe, ndiye amayi ankasula makimono awo akale n'kusokera ana malaya. Munthu amene anaphunzira zowomba nsalu sangalephere kuona zimenezi. Ankaona msoko, ankaona chigamba choikidwa mosamala, ankaona pomwe siketi anaifutukula chifukwa mwana watalika.

Palinso china chimene nsalu imaulula. Kutentha kwa bombalo kunkalowerera kwambiri pomwe nsalu inali yakuda kusiyana ndi pomwe inali yoyera, moti akazi ena maluwa a chovala chawo anadindika pakhungu. Ndiye pazovala zina mumaona malo akuda atapserera, oyera atatsala.

Poyamba ankayala chovala patebulo lagalasi lokhala ndi magetsi pansi pake, kuti kuwala kutulukire m'nsalu. N'chifukwa chake diresi la m'magazini yanga lija linkaoneka ngati likuyandama. Pambuyo pake anayamba kungogwiritsa ntchito kuwala kwa pawindo. Asanajambule amayamba akonza chovalacho, kuwongola kolala, kuika mkono bwinobwino, monga mmene inu mumachitira ndi diresi la giredi yoyamba musanalikoloweke pa hang'ala. Ndipo amajambula m'makala, osati zakuda ndi zoyera. Bukulo linatuluka mu 2008.

Ngakhale kalembedwe ka dzina la bukulo kali ndi nkhani. Chijapanizi chili ndi mitundu itatu ya zilembo. Akafuna kunena Hiroshima wa bomba, Hiroshima wa pa zikwangwani ndi m'misonkhano, amakonda kulemba ndi zilembo zamakona zotchedwa katakana. Mayi Ishiuchi analemba ndi hiragana, zilembo zofewa zozungulira zimene kalekale zinkatchedwa dzanja la akazi, zomwenso ana amayambira kuphunzira.

Anthu ena sanakondwe nazo. Anati zithunzizi zakongola mopitirira muyezo, munthu sangasandutse zovala zimene ana anafera kukhala ngati za m'sitolo ya fashoni. Anadandaulanso kuti pansi pa chithunzi salembapo mbiri: mwini wake anali ndani, anali ndi zaka zingati, anafera pati. Amangoika nambala ndi dzina la amene anapereka chovalacho. Yankho la mayiwa lakhala lakuti zovalazo zinali zokongola kuposa apa bomba lisanagwe, ndipo iwo sanawonjezerepo kanthu. Amanenanso kuti zakale sangathe kuzijambula, poti 1945 iwo kunalibe. Chimene angajambule ndi chimene chili patsogolo pawo lero, chovala chomwe chakhala m'dziko muno zaka pafupifupi zofanana ndi zawo.

Pa mkangano umenewu ine ndaima pakati, koma mwendo umodzi uli kwa Mayi Ishiuchi. Odandaulawo ali ndi mfundo. Mwana wobadwa lero akaona diresi lokongola popanda womuuza kuti chinachitika n'chiyani, angodutsa. Ine ndemwe poyamba ndinayesa malonda. Koma taganizirani nambala ija, 140,000. Ndaiwerenga kambirimbiri kuyambira ku sekondale, ndinailembapo pa mayeso, sinandipwetekepo m'mimba ngakhale tsiku limodzi. Nambala yotere ndi kaunjika weniweni: anthu ounjikidwa mulu umodzi, wina pamwamba pa mnzake, nkhope osaoneka. Chimene mayiwa amachita ndi chija amachita kasitomala wodziwa kugula. Sayang'ana mulu. Amapisa dzanja, kusolola chimodzi, kuchikutumula, kuchigwirizira kudzuwa. Ukatero umayamba kuona kuti panali mtsikana wina, mmodzi, amene m'mawa umenewo anasankha diresi ili kusiya linzake, mwina pofuna kuti wina wake amuone. Akanalijambula lili lakuda ngati nsanza ndikanati, eya, anthu akale ovutika. Koma ndi diresi loti mlongo wanga akanalilimbirana pabenchi panu Loweruka. Pamenepo ndiye zinandipweteka.

Zotsatira zake ndingozidutsa mwachangu. Mu 2012 anaitanidwa ku Mexico City kukajambula katundu wa Frida Kahlo, mayi wotchuka wopenta zithunzi amene anamwalira mu 1954. Katundu wake anatsekeredwa m'bafa la nyumba yake mpaka 2004. Kumenekonso Mayi Ishiuchi sanathamangire zodzionetsera. Anaona nsapato zomwe chidendene chimodzi n'chachitali kuposa chinzake, chifukwa poliyo inamupundula mwendo wakumanja ali mwana. Anaona malamba olimbitsa msana, mwendo woikirira wovekedwa jombo yofiira, masokosi osokedwa pobooka. Mu 2014 analandira mphotho ya Hasselblad ya ku Sweden, yomwe ojambula amaiona ngati yaikulu pa dziko lonse, ndipo poti ndikudziwa kuti mufunsa, inabwera ndi ndalama za ku Sweden zokwana makrona 1,000,000. Anali munthu wachitatu wa ku Japan kuilandira. Mu 2015 Getty Museum ya ku Los Angeles, m'dziko lomwe linaponya bomba lija, inaonetsa ntchito yawo kuyambira ya ku Yokosuka mpaka ya ku Hiroshima. Mu 2024 analandiranso mphotho ya Women in Motion ku Arles, m'dziko la France. Ndalama ya ukwati ija inabweza, ngakhale inatenga nthawi.

Mu 2018 anasamuka n'kubwerera ku Kiryu, tauni ya nsalu komwe anabadwira. Ku Hiroshima sanapiteko kamodzi kokha. Anakhala akubwererako chaka ndi chaka, chifukwa mabanja sanasiye kubweretsa zinthu. Mlongo amene anasunga bulauzi ya mkulu wake zaka 60 kapena 70 amafika poona kuti nayenso ulendo wayandikira, ndipo adzukulu sadzadziwa kuti kansalu kopserera kali m'bokosika n'kachiyani.

Lachiwiri lapitali ndinapita nayo magazini ija kumsika, kwa mayi ena achikulire amene ndimagulako mashati. Sindinawauze kanthu, ndinangowatsegulira tsambalo. Anapukuta manja pachitenje, n'kuiyandikitsa kumaso. Maluwa aja sanawalabadire n'komwe, chala chawo chinapita pamsoko wa m'khosi.

"Apa sipanadutse makina," anatero. "Ili ndi dzanja. Amene anasoka apa ankamukonda mwini wakeyu."

Kenako chala chinatsika mpaka pong'ambika paja, pa madontho ofiirira. Anakhala chete nthawi ndithu. Ndinawafotokozera mwachidule za bomba.

"Nanga mwanayo anapulumuka?"

Ndinawaonetsa pansi pa chithunzi: Hiroshima, nambala, ndi dzina la amene anapereka diresilo. Basi.

"Mwanawe, undisiyire bukuli, udzatenge mawa," anatero, n'kuliika pansi pa mpando wawo chifukwa kasitomala anali atayamba kale kuvundukula mulu wa masiketi.